Katondo pa Galasi

Ine ndinayambira pakhoma, pepala ndinalidziwa pambuyo. Kwathu, kumunsi kwa phiri la Malosa, tikangotha kukolola amayi ankatenga dengu ndi khasu n'kutsikira kumtsinje wa Domasi kukakumba dothi lozirira nyumba. Ankadziwa pamene pali katondo wofiira, pamene pali makande akuda, ndiponso kaphompho kena kamene pansi pake pankatuluka dothi loyera ngati ufa. Lachikasu ndiye linali losowa, ndipo kumene ankalitenga sankauza munthu. Akamaliza kuzira khonde ankasungunula dothilo m'mapale, n'kumaviika kansanza, n'kulemba mizere kuzungulira nyumba, ina ngati mano a sowo, ina ngati masamba a chinangwa. Ankati luso limeneli analitengera kwa amayi awo, amene anabwera kuno wapansi kuchokera ku Mozambiki ali kamtsikana.

Ntchito yanga inali kutunga madzi basi. Koma khoma la kuseri, kumene alendo safikako, amayi ankandisiyira ine. Ndinkatola makala kukhitchini n'kumajambula nkhuku, njinga, ndi chilichonse chimene ndaona tsikulo. Tsiku lina ndinajambula bambo wina woyandikana nafe amene ankayenda motsimphina. Dzina sindinalembe, koma aliyense wodutsa popita kuchitsime ankaima n'kuyamba kuseka. Nkhani itawapeza, bambowo anabwera okha. Amayi anayamba kupepesa asanafunsidwe n'komwe, ine nditabisala kuseri kwa nkhokwe. Iwo anaima nthawi yaitali akuyang'ana khomalo, kenako anati mwanayu walakwitsa, mwendo wovutawo ndi wamanzere. Anandiitanitsa kuti ndikonze iwo ali pomwepo. Ndinakonza, iwo anavomereza, n'kumapita.

Kusukulu aphunzitsi atazindikira, choko sichinkachoka m'manja mwanga. Mapu a Malawi, mtima wa munthu, ziwalo za duwa, zonsezi pabolodi ndinkajambula ndine, nthawi zina mpaka m'makalasi a akuluakulu anga. Sukulu ndinalekera Fomu 2 abambo atamwalira. Ndinayamba kuthandiza azakhali kugulitsa tomato pa Songani, ndipo kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi munthu amene anandiphunzitsa ntchito.

Anali bambo wachikulire, wowonda, wolemba zikwangwani. Pa Songani ponse ankangowatchula kuti amisiri, nanenso ndiziwatchula choncho. Mitu ya anthu ya pamakoma a malo ometera, nsomba za pamagolosale, makina osokera a pazitseko za matelala, mawu a kumbuyo kwa maminibasi, zonsezi linali dzanja lawo. Ndikakhala pa tomato maso anga ankakhala kwa iwo, moti azakhali ankadandaula kuti makasitomala amachita kundigwedeza. Tsiku lina akujambula tambala pakhoma la ogulitsa chakudya cha nkhuku, ndinalankhula ndekha, osadziwa kuti mawu atuluka, kuti tambalayo akaima choncho agwa chagada. Anatembenuka, anandiyang'ana, n'kundipatsa bulashi. Anati popeza pakamwa ndikudziwa, ndionetsenso ndi dzanja.

Ndinakhala nawo zaka zambiri. Sanali munthu wolankhulalankhula. Anandiphunzitsa kusungunula penti, kutsuka mabulashi ndi parafini, kuyeza zilembo ndi diso ndi ulusi wopaka choko. Labala wofufutira sankafuna kumuona. Ankati penti yamafuta ukaipaka waipaka, choncho uyang'ane kaye mpaka mzere uuone pakhomapo usanaulembe, kenako uulembe kamodzi. Anthu ankaunjikana kudzaona mkazi ali pamakwerero atamanga chitenje pamwamba pa thalauza, ena kuseka, ena kufunsana ngati ameneyu adzakwatiwe. Ndinakwatiwa ndithu, ndi kalipentala amene ankatikhomera mafelemu a zikwangwani. Amisiri atayamba kutopa ndi makwerero, ntchito zambiri za m'mphepete mwa msewu, kuyambira ku Malosa mpaka kufupi ndi Zomba, zinkabwera kwa ine.

Kenako kunabwera mabana, zinsalu zapulasitiki zija zosindikiza pamakina. Munthu ankakwera minibasi m'mawa kupita ku Zomba, pofika masana n'kubwera atapinda chikwangwani chake m'khwapa, chonyezimira, chokhala ndi zithunzi zenizeni. Poyamba sindinade nkhawa. Ndinkati zisuluka ndi dzuwa la kuno, ndipo zinkasulukadi, koma eni ake ankangokasindikiza zina. Chimene chinandipweteka kwambiri chinali cha telala wina amene pakhoma lake ndinajambulapo mayi wovala chilundu akuyezedwa ndi tepi. M'mawa wina ndinapeza akhomapo bana pamwamba pa chithunzi changa, pali mkazi wakunja watsitsi lofika m'chiuno, atavala diresi yoti telalayo sanasokepo chibadwire. Banayo inali yaifupi pang'ono, moti m'munsi mwake munkaonekabe mapazi a mayi ndinajambula uja. Ndinkadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku n'kumawaona.

Zitini za penti zinayamba kuuma pansi pa bedi. Ndinabwerera kumunda ndi ku tomato. Ndinali nditapitirira zaka makumi anayi, ndipo ndinkaona ngati nthawi yanga yapita.

Ntchito imodzi yokha imene ndinagwira ndi bulashi chaka chimenecho inali pa sukulu ya mkombaphala kufupi ndi Mishoni ya Domasi, kumene ndinajambula zilembo, manambala, ndi atsikana akusewera fulaye. Patapita milungu ingapo kunyumba kunafika mayi wina, nsapato zili fumbi lokhalokha chifukwa galimoto anaisiya kumsewu. Anali mphunzitsi wa ku koleji, wochokera kumpoto, Chichewa chake chikumvekabe kwawo. Anali ataona khoma la sukulu ija poperekeza mdzukulu wake, n'kufunsa wajambula ndani. Anati iye ndi anzake alemba tinkhani ta ana ongoyamba kuwerenga, ndipo akufuna zithunzi za ana ooneka ngati a kuno, osati zotola pa intaneti. Kuyambira tsiku limenelo ine ndinkawatchula kuti madamu, iwo ankanditchula kuti achemwali, ngakhale mpaka lero sitinafunsane kuti wamkulu ndani.

Ndinajambula zithunzi zonse papepala, ndi pensulo ndi penti yamadzi. Madamu anazikonda, koma atapita nazo kwa osindikiza ku Blantyre zinabwerera. Mapepala ena anali atakwinyika ndi chinyezi, mitundu inkazima akaiika m'makina, ndiponso anzawo a madamu ankafuna kusintha zina ndi zina. Apa mtsikana agwire buku ndi dzanja linalo, apo pasiyidwe malo a mawu. Kusintha kulikonse kunkafuna kuti ndiyambirenso chithunzi chonse. Nditabwereza chithunzi cha msika kachitatu, madamu anabwera ndi chinthu m'chikwama, chophwatalala ngati buku, pamwamba pake galasi lakuda, ndi kapensulo koyera kosafuna kusongola. Anati ndi tabuleti imene amaphunzitsira, koma andibwereka mpaka buku lithe.

Ndinakana. Ndinawauza kuti zinthu zimenezi ndi zomwe zandilanda ntchito, ndiponso ine foni yanga ndi ya mabatani, za magalasi sindizidziwa. Iwo sanalimbane nane. Anayatsa tabuletiyo, anatsegula tsamba loyera, anandiika kapensuloko m'dzanja, n'kunena kuti akukaona mipando imene bambo akunyumba ankapala kuseri.

"Anthu a mabanawo makina ali nawo, achemwali, koma wojambula alibe," anatero akunyamuka. "N'chifukwa chake amangotola nkhope za eni. Tangolembani mzere umodzi, mukaikana ndibwerera nayo."

Mzere woyambawo unaterereka n'kukathera kumene sindinautume. Zinali ngati kulemba pa mbale yonyowa. Pepala limagwira pensulo, khoma limagwira bulashi, ndipo umamva m'zala kuti ukudutsa pa chinthu. Galasi silikugwira. Ndinayesa kuzunguliza mpira, panatuluka dzira. Koma nditakanikiza pang'ono mzere unanenepa, nditapepuza dzanja unawonda mpaka kuthera ngati mchira wa mbewa, ndendende mmene bulashi yabwino imachitira. Apo ndiye ndinakhala pansi bwinobwino. Madamu pobwera anapeza tsamba lonse nditalidzaza mizere, ndipo sanafunsenso ngati aisiye kapena ayi.

Lachiwiri ndi Lachisanu masana ndinkapita ku ofesi yawo. Anandionetsa posankha mitundu, posankha mabulashi, ndi posunga ntchito ikatha. Chimene chinandivuta kumvetsa chinali maleya, mpaka tsiku limene anatenga timapepala ta pulasitiki toonekera n'kutisanjikiza patebulo, kamodzi atajambulapo mtengo, kena munthu, kena nyumba. Atachotsa ka munthu, mtengo ndi nyumba zinatsala bwinobwino. Ndinaganizira chithunzi cha msika chimene ndinabwereza katatu chija chifukwa cha dzanja limodzi la mtsikana, ndinangogwira pakamwa. Zonse zimene ankandiuza ndinkalemba m'kope m'mawu angaanga, monga kamuvi kokhota, kadiso, kachidebe ka penti, chifukwa mayina ake a Chingerezi sankandikhala m'mutu.

Kunyumba kunalibe magetsi, choncho m'mawa uliwonse ndinkaitenga kukatchajitsa kwa wometa wina wa sola pa Songani, nditaikulunga m'chitenje ngati khanda. M'nyumba munkachita mdima, pakhonde galasi linkanyezimira ndi dzuwa osaona kanthu. Ndinapeza nzeru yodzifunditsa chitenje kumutu pamodzi ndi tabuletiyo. Amayi oyandikana nafe anafika kudzazonda matenda, poganiza kuti ndikudzifukiza masamba a bulugamu. Bambo akunyumba atatopa ndi kuyankha anthu, anandikhomera kathabwa kopendekera kokhala ndi denga lake kuti kazitchinga kuwala. Maso anayamba kundiwawa, ndinapita kuchipatala ku Zomba, ndinabwerako ndi magalasi.

Tsiku lina, msika uja nditautha pafupifupi wonse, chikhatho changa chinakhudza pena pake ndipo chithunzi chonse chinangoti zii. Panatsala tsamba loyera mbee. Ntchito ya masiku asanu. Sindinalire pomwepo, ndinangomanga chitenje n'kuyamba ulendo wapansi wa ku koleji, mumtima ndikukonza mawu obwezera katundu wa eni. Madamu anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anadina kamuvi kokhota kaja kamodzi. Msika wonse unabwerera, tomato ali pamalo pake, njinga zili pamalo pake. Ndinachita mantha kuposa kukondwa. Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti mzere ukalakwika walakwika, ndiye pano pali chinthu choti ukalakwitsa chimakubwezera kumbuyo ngati sunalakwitsepo.

Kamuvi kameneko kanandilowa ngati matenda. Ndinkalemba mzere, kuubweza, kuulembanso, kuubweza, mwina kakhumi, kufuna woongoka kuposa unzake. Ndinaphunzira kukulitsa chithunzi mpaka diso la mwana kudzaza galasi lonse, n'kumasalaza tokhotakhota tonse. Mitundu inalipo yosawerengeka, ndipo ndinkasankha yowala kwambiri chifukwa penti yotere sindinaigwirepo. Patatha miyezi iwiri zithunzi zonse zinali zitatha, zoyera, zopanda kadontho. Madamu anati zili bwino, koma ananena mawuwo mochedwa pang'ono.

Ndinaganiza zokaonetsa amisiri, amene panthawiyi ankakhala kwa mwana wawo wamkazi cha ku Malosa. Miyendo inali itawafooka koma maso anali akadali akuthwa. Tabuleti anaigwira m'mphepete ngati mbale yotentha. Ndinkawatsegulira chithunzi chimodzichimodzi mpaka tinafika pa msika.

"Ayeretsa bwino," anatero. "Wajambula ndani?"

Ndinati ndine.

"Ayi, mwanangu. Dzanja lako ndimalidziwa. Ana awa sanapondepo fumbi."

Ndinatsanzika msanga. M'minibasi ndinkadziuza kuti madalawo ndi nsanje chabe, zinthu zawapitirira. Koma nditafika kunyumba n'kutsegulanso, ndinaona zimene anaona. Khungu la ana linali losalala ngati zidole za m'sitolo. Malaya awo analibe khwinya. Msikawo ukanatha kukhala wa dziko lililonse. Ndinali nditajambula ndi dzanja langa zinthu zofanana ndi za pamabana zomwe ndinkadana nazo zija. Tabuleti inakhala masiku angapo osayatsidwa.

Inali nthawi yozira nyumba, ndipo ndinapita kukathandiza amayi kutunga madzi monga kale. Anali atakalamba, ankangokongoletsa khoma la kumaso lokha, atakhala pa kampando. Titapuma ndinawaonetsa zithunzi zija, osati kuti andiyamikire koma kuti ndimve ngati nawonso anena zomwezo. Anatsinzina diso limodzi, anang'ung'udza kaye m'Chilomwe monga amachitira chinthu chikawanyansa, kenako anati mitundu yangayi ikukuwa ngati oitanira minibasi. Anafunsa ngati m'galasimo muli katondo. Ndinawauza kuti muli mitundu yonse ya padziko lapansi. Anati sanafunse za dziko lapansi, afunsa za katondo.

Ndinayang'ana mapale anayi amene anali pafupi ndi mapazi awo. Ndinakumbukira kuti madamu anandionetsapo kachida kena kamene ukakhudza nako pa chithunzi kamatapa mtundu wa pamenepo. Ndinajambula mapalewo ndi kamera ya tabuleti, dothi lili lonyowa, n'kujambulanso pakhoma pamene linali litauma, chifukwa katondo akauma amasintha. Ndinatapa wofiira, wakuda, woyera. Wachikasu unali utatsala wochepa m'munsi mwa phale, wosakanikirana ndi mchenga. Amayi anandiuza njira ya kumene amakumba dothi lachikasulo: ndidutse munda wa chinangwa wa amalume, nditsate kamtsinje kouma mpaka pamene pali mtengo wa mkuyu wopendama, ndikumbe kumanzere kwa mizu. Aka kanali koyamba kuuza munthu. Ndinapita tsiku lomwelo, ndinabwera ndi dengu lodzaza, theka lawo, theka langa.

Ndisanachoke ndinawapatsa tabuleti kuti ayese. Kapensulo anakakana, anati iwo amalemba ndi chala. Ndinawaikira mtundu wa katondo wawo, ndipo ndi chala chokhala ndi dothi m'chikhadabo analemba mano a sowo kuchoka kumapeto ena a galasi kufika kumapeto ena, osaima, osabweza. Mzerewo sunali woongoka, koma unali wamoyo kuposa chilichonse chimene ndinajambula miyezi iwiri ija. Ndinausunga, ndipo ndi umene uli m'mphepete mwa chikuto cha bukulo.

Lachiwiri lotsatira ndinapita kwa madamu ndi pepala la thumba la simenti limene ndinakhutiza makala, ndi chithunzi cha khoma la amayi chojambulidwa pafupi kwambiri, poonekera mikwingwirima ya kansanza. Ndinawafunsa ngati n'zotheka kupanga bulashi yolemba ngati zimenezi. Anati anamvapo kuti zimatheka koma sanayesepo. Tinakhala masana awiri tikuonera mavidiyo pa kompyuta yawo, kuimitsa, kubwereza, kulakwitsa, iwo akumasulira Chingerezi, ine ndikuyesa. Apa tonse tinali ana a sukulu. Bulashi yoyamba inkalemba ngati mapazi a nkhuku. Yachinayi inalemba mzere wokhala ndi timipata ndi fumbi m'mbali, ngati khala lenileni pakhoma, moti ndinapukuta chala pachitenje mosadziwa.

Ndinawapempha kuti andipatse mwezi wina umodzi, ndiyambirenso zonse. Anapuma mozama, chifukwa anzawo anali atayamba kale kufunsa, koma anavomera. Ndinadula kapepala kakang'ono n'kukamata pa galasi, pamwamba pa kamuvi kobweza kaja. Ndikalakwitsa kwenikweni ndinkakamatula, koma kumatulako kunkandipatsa nthawi yodzifunsa ngati ndalakwitsadi. Nthawi zambiri ndinkapeza kuti mzere woyamba uja ndiye wabwino.

Ndinasiyanso kujambulira pakhonde pokha. Ndinkanyamula kathabwa kanga kupita nako pa Songani, n'kukhala pamthunzi pafupi ndi ogulitsa mpunga, n'kumajambula zimene zikudutsa. Mayi wosenza nkhuni khosi litalowa m'mapewa. Wakabaza atanyamula matumba awiri a makala ndi nkhuku pahandulo. Ana ovala yunifolomu yosuluka pamsana, zidendene zili mbuu. Anthu anayambanso kuunjikana kumbuyo kwanga, ndipo ankadabwa kwambiri ndikachotsa munthu pa chithunzi n'kumubwezeranso. Khungu la ana ndinkalipanga posakaniza katondo ndi makande, n'kuwaza loyera pang'ono m'mawondo ndi m'zigongono. Maleya amene ankandizunguza aja tsopano anakhala anzanga. Anzawo a madamu akati mbale ichoke kumanja ipite kumanzere, ndinkaisuntha iwo asanamalize kumwa tiyi.

Buku lisanasindikizidwe, madamu ankafuna kuliyesa kaye pa ana. Tinapita limodzi ku sukulu ina ya pulayimale ya m'dera lathu lomweli, ndi masamba osindikiza pa makina a mu ofesi. Ana a Sitandade 2 anakhala pansi m'magulu, mphunzitsi wawo anagawa masamba, ine ndinakhala kumbuyo pa benchi. Poyamba ana ankangotembenuza masambawo. Kenako kamtsikana kena kanaloza chithunzi cha msika n'kuuza anzake kuti apa ndi pa Songani, ndipo uyu ndi mayi amene amagulitsa zitumbuwa pafupi ndi siteji. Anzake anatsutsa, ena anavomereza, gulu lina linadzuka kudzaona. Wina anati phiri ili ndi lathu lomweli. Wina anapeza galu wogona pansi pa benchi amene ngakhale madamu anali asanamuone. Mphunzitsi anavutika kuwakhazika pansi, ndipo atawafunsa kuti ndani awerenge mawu a pansi pa chithunzi, manja anakwera kalasi yonse, chifukwa aliyense ankafuna kudziwa kuti mayi wa zitumbuwayo akunena chiyani. Madamu anatembenuka kundiyang'ana. Ine ndinali nditavula magalasi, ndikupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Zithunzi zinapita ku Blantyre pa intaneti, popanda munthu kukwera basi. Sizinabwerere. Mabuku atafika, madamu anabwera ndi katoni yonse kunyumba, n'kundipatsa mpeni kuti nditsegule ndine. Fungo la inki linadzaza pakhonde. Pachikuto, pansi pa mayina a olemba, panali dzina langa, ndipo bambo akunyumba analiwerenga mokweza kawiri ngati sakulidziwa. Buku limodzi ndinapita nalo kwa amayi, amene analiika m'sutikesi momwe amasungamo zovala za kutchalitchi. Lina ndinapita nalo ku Malosa. Amisiri anatsegula tsamba lililonse pang'onopang'ono, akunyowetsa chala, ndipo atafika kumapeto anabwereranso poyamba. Anati uyu ndiye iwe. Kenako anafunsa kuti bulashi ya makalayo ndinaipanga bwanji, ndipo ndinakhala nawo mpaka dzuwa kupendeka ndikuwaonetsa.

Bukulo linayenda kumene ine sindinafikeko. Anthu anayamba kuimba foni kufunsa wojambula. Ena ankafuna zithunzi zophunzitsira amayi oyembekezera, ena za alimi a mpunga, ena chikuto cha buku la nyimbo za kwaya. Ndinagula foni yagalasi, kenako tabuleti yangayanga, ya madamu n'kuibweza nditaipukuta bwino. Tinaika sola padenga. Ngakhale a mabana ku Zomba anayamba kunditumizira makasitomala ofuna chithunzi cha munthu wooneka ngati wa kuno. Mabulashi anga akale sindinataye. Pakapezeka khoma ndimakwerabe makwerero, ndipo ndaona kuti dzanja likakhala nthawi pa galasi limafuna kukhudzanso chinthu chokhakhala kuti lisaiwale.

Chaka chathachi madamu anandipempha chinthu chimene chinandiopsa kuposa tabuleti. Ankafuna kuti ndikalankhule kwa ophunzira awo, amene akukonzekera kukhala aphunzitsi, za mmene angajambulire okha zithunzi zophunzitsira. Ndinawauza kuti anthu amenewo ndi ophunzira kwambiri, ine ndikawauza chiyani. Anati ndisakawauze kanthu, ndikangojambula.

Holoyo inali yodzaza. Analumikiza tabuleti yanga ku pulojekita, kotero kuti chilichonse chimene ndalemba chinkaoneka chachikulu pa chinsalu choyera kutsogolo. Nditapereka moni mawu anatuluka aang'ono, a kumbuyo sanamve. Ndinasiya zolankhula, ndinafunsa kuti ndijambule chiyani. Mtsikana wina wa kutsogolo anati nkhanga. Ndinalemba dzira lalikulu lopendekera, ndinaika khosi, kamutu, miyendo iwiri, ndipo holo yonse inkatsatira mzerewo ukuyenda. Pamene ndinayamba kuwaza timadontho toyera pamsana, wina kumbuyo analira ngati nkhanga, anthu onse anaseka, nanenso ndinaseka, mantha n'kutha. Kuchokera pamenepo mawu anabwera okha. Ndinawaonetsa kuti ng'ombe imayamba ngati bokosi, kuti mwana mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, kuti munthu wothamanga umamuyamba ndi msana osati miyendo. Ndinawauza atulutse mapepala, popeza kusukulu kumene akupita ambiri akapeza choko ndi bolodi basi, ndipo zimene ndikuchita pa galasizi n'zomwezo.

Ndinayenda pakati pa mabenchi ndikuona ntchito yawo. Panali mayi wina wamkulu kuposa anzake, amene anali ataphunzitsa kale zaka zambiri asanabwere kudzawonjezera maphunziro. Anali ataphimba pepala lake ndi dzanja. Anandiuza motsitsa mawu kuti iye chiyambire sanajambulepo kanthu pabolodi, amachita kupempha mphunzitsi mnzake. Ndinamupempha achotse dzanjalo. Nkhanga yake inali ndi miyendo yonenepa ngati ya mbuzi, koma inali nkhanga, ndipo inkaoneka kuti ikuthawa chinachake. Ndinaijambula ndi kamera n'kuionetsa pa chinsalu chija, ndinangowondetsa miyendo ndi mizere iwiri, china chilichonse osakhudza. Anzake anaomba m'manja. Mayiyo anayang'ana nkhanga yake ili yaikulu ngati chitseko, kenako anatembenuza pepala n'kuyamba ng'ombe.

Anatipatsa ola limodzi, koma belu la chakudya linalira tikadali pa manja a munthu, amene ndi ovuta kwa aliyense, ndipo palibe anadzuka. Madamu anachita kuzimitsa pulojekita kuti anthu akadye. Ndinatuluka mawu atasasa, ophunzira angapo akunditsatira mpaka pageti ndi mapepala awo kuti ndiwaonere.